Agogo ndi Dothi la ku Diamphwe

Mtsinje wa Diamphwe uchokera ku mapiri a Dzalanyama. Uyenda chakum'mawa, nulekanitsa boma la Lilongwe ndi boma la Dedza, kufikira utathira m'Linthipe. Ndipo Linthipe atengera madziwo ku nyanja, ku Salima. Iwo amene ayenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza, akapitirira Nathenje, awoloka mtsinjewu pa mlatho. Ambiri a inu mwasambamo, kapena mwamwetsamo ng'ombe. Koma kodi munayang'anitsitsa dothi la m'mbali mwake? Si la mtundu umodzi ayi. Pamtunda pali katondo wofiira. M'dambo muli makande akuda. Pena, mukakumba pansi, mupeza dothi loyera kapena lachikasu, ndipo pena mupeza mtapo, ndilo dothi lonanda loumbira mbiya.

M'mudzi wina kumwera kwa Mitundu, kufupi ndi mtsinjewo, mukhala agogo ena aakazi amene adziwa malo onsewo monga mudziwa inu njira ya ku sukulu. Amayi awo anali oumba, ndipo iwo anaphunzira ntchitoyo ali buthu. Ankaumba miphika ya nsima, nkhali zazikulu, mitsuko ya madzi, mbiya, ndi mikhate yosambira. Masiku amenewo wofuna mphika sankasowa ndalama. Ankabwera ndi chimanga, nadzaza mphikawo, ndipo chimangacho ndicho chinali mtengo wake.

Koma pa msika wa ku Mitundu panadza mapoto achitsulo ndi ndowa zapulasitiki. Zinthuzi n'zopepuka, ndipo zikagwa sizisweka msanga. Sitingawadzudzule amayi amene anazikonda, pakuti mtsuko wodzala madzi ndi katundu wolemera pamutu. Pang'onopang'ono obwera ndi chimanga anachepa, kufikira anatha. Agogo anaika nkhulungo yawo patsindwi, nasiya kupita ku mtapo. Anzawo oumba anamwalira mmodzimmodzi, ndipo ana awo aakazi sanaphunzire ntchitoyo. M'mudzi monsemo anatsala okha odziwa, ndipo palibe anawafunsa.

Zitapita zaka zambiri, mwana wawo wamkazi anapeza ntchito ku Lilongwe. Mwamuna wake anali atapita kale ku Johannesburg kukafuna ndalama. Tsono anasiya ana atatu m'manja mwa agogo: mtsikana wamkulu wa zaka 13, mng'ono wake wa zaka 10, ndi kamnyamata ka zaka 6. Kamnyamatako sikankadya bwino. Dzuwa likapendeka kankakhala pakhonde, maso ali kunjira, osalankhula ndi munthu.

Tsiku lina mtsikana wamng'onoyo anabwera ku sukulu nkhope ili yakugwa. Aphunzitsi anauza ana onse kuti mawa abwere ndi chithunzi chopaka utoto, koma iye analibe chekeni, ndipo m'nyumbamo munalibe ndalama yogulira.

Agogo anamva, nati, "Kodi aphunzitsi anena kuti utotowo ukhale wa kusitolo?"

Iye anati, "Ayi, agogo, sananene choncho."

"Tsono tenga khasu ndi chipande, unditsate."

Anatsikira kudambo onse anayi. Agogo ankayenda patsogolo ndi ndodo yawo, naloza pokumba. Anatenga katondo, dothi loyera ndi lachikasu, chilichonse pa tsamba lakelake. Atafika kunyumba anasinja dothilo pamwala, nalisefa pa kansalu kuti mchenga utsale, nalisungunula ndi madzi m'mapale. Utoto wakuda anaupanga ndi makala osinja, wotuwa ndi phulusa. Anathiramo timadzi ta phala losalimba kuti utotowo ugwire pa pepala. Chopakira chinali kamtengo kotafuna kunsonga, ndi nthenga ya nkhuku yolembera mizere yaing'ono. Mtsikanayo anajambula tambala wofiira wa mchira wakuda.

Kodi mudziwa chimene chifiiritsa katondo? M'dothimo muli chitsulo chosaoneka ndi maso. Chitsulo chikakumana ndi mpweya ndi madzi chichita dzimbiri, monga khasu losiyidwa pamvula. Ndipo dzimbiri ndilo lofiira. Chifukwa chake utoto wa katondo sufwifwa ndi dzuwa monga ufwifwa utoto wa maluwa ndi masamba.

Aphunzitsi ataona tambalayo anamkweza pamaso pa ana onse, nawauza za miyala ya ku Chongoni. Tsidya lija la Diamphwe, m'boma la Dedza, muli mapiri okhala ndi mapanga, ndipo pa miyala ya m'mapangamo pali zithunzi zakale. Malo otere owerengedwa alipo 127. Ena odziwika ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zithunzi zofiira ndizo zakale koposa, ndipo akuti anazijambula Akafula, anthu osaka nyama amene anakhala m'dziko muno Achewa asanafike. Zoyera anazijambula makolo athu Achewa ndi dothi loyera, popaka ndi chala. Ndipo zambiri mwa izo anajambula ndi akazi, pophunzitsa atsikana mwambo. Mu 2006 bungwe la UNESCO linalemba malowo m'gulu la chuma chimene dziko lonse lapansi liyenera kusunga.

Madzulo mtsikanayo anafotokozera agogo zonsezi. Iwo sanafikeko ku mapangawo chibadwire, ngakhale sali kutali. Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana zala zawo. Pambuyo pake anati, "Akaziwo analibenso chekeni."

M'mawa mwake, ana ali ku sukulu, agogo anazira nyumba yonse ndi mtsiro, nasalaza khoma la kukhonde. Kuzira ndi ntchito ya amayi onse a kuno. Chaka ndi chaka, akatha kukolola, akonza makoma, ena nalemba mzere wakuda m'munsi, ena timadontho toyera. Agogo ankachita zomwezo kale, koma chinyama kapena mbalame anali asanajambulepo. Tsikulo anayesa mbuzi. Ana pobwera anaseka mpaka kugwa pansi, pakuti mbuziyo inafanana ndi galu. Kamnyamata kaja kanasekanso, ndiko kuseka kwake koyamba chichokere amake.

Agogo anati, "Mukundiseka, amuna anga? Bwerani tsono mujambule yanu, tione." Pakuti kwathu kuno agogo aakazi aseleula ndi mdzukulu wamwamuna pomutcha mwamuna wawo.

Kamnyamatako kanaviika chala m'phale la dothi loyera. Sikanajambule mbuzi. Kanajambula minibasi ya mawindo anayi, ndi mutu wa munthu pa windo limodzi. Mlongo wake anafunsa ngati minibasiyo ikupita ku Lilongwe. Iko kanati, "Ayi, ikubwera."

Kuyambira pamenepo khomalo silinapume. Panabwera nkhanga za madontho, phiri la Bunda, mtengo wa mango, ngolo ya ng'ombe ziwiri. Agogo ankajambula masana ali okha, ndipo mbuzi zawo zinayamba kuoneka ngati mbuzi. Anthu ena opita kuchitsime ankati, "Agogo aja abwerera ku umwana." Mawuwo anawafika, koma sanawayankhe. Munthu amene walima, wasinja, walera ana ndi adzukulu, ndani angamletse kusewera ndi dothi dzuwa likapendeka?

Mtsikana wamkulu sanakonde kujambula. Iye maso ake anali pa mtsuko wakale umene unkakhala m'ngodya ya nyumba, wotsala wokha mwa zonse zimene agogo anaumba. Anaona kuti madzi a mu mtsukowo azizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala, pamene a m'ndowa afunda. Chifukwa chake ndi ichi: mtsuko uli ndi timaboo tating'ono tosaoneka, madzi pang'ono atulukira m'menemo, nauma ndi mphepo, ndipo pouma atenga kutentha kwa madzi otsala m'kati. Ndi momwenso thukuta liziziritsira thupi lanu. Pulasitiki alibe timaboo, tsono sangathe kutero.

Tsiku lina mtsikanayo anagwada, nati, "Agogo, mtsuko uwu ukadzasweka, tidzaupeza kuti wina?"

Agogo anadziwa kuti m'mudzimo mulibe woti n'kuumba wina. Anadziwanso kuti maso awo ayamba kuchita chifunga, ndi kuti zala zawo ziuma m'nyengo yozizira. Ntchito yotere silembedwa m'buku. Ikhala m'manja, ndipo ichoka m'manja a wina kulowa m'manja a mnzake pokhapokha awiriwo atakhala pamphasa imodzi. Anatsitsa nkhulungo patsindwi, naipukuta mwaye.

Ku mtapo anapeza udzu utamera, koma dothi linalipo. Analisenza mtsikanayo. Analinyika masiku angapo, naliponda, nachotsa ndi zala timiyala ndi timizu tonse. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo mtsikanayo anaifulumira. Kenaka agogo anamuonetsa kuumba. Ayamba ndi tsinde, naliika pa phale lakale kuti azitembenuza. Apota dothi m'manja ngati chingwe, nalizunguliza pamwamba pa linzake, dzanja limodzi m'kati, lina kunja. Akweza khoma ndi chitsononkho, nalisalaza ndi kansalu konyowa. Pakhosi ndiye pali ntchito, pakuti dothi likafewa kwambiri khosi ligwera m'kati, likauma ling'aluka. Agogo sankayang'ana konse. Ankamva ndi zala. Mtsikanayo ankayang'anitsitsa, koma khosi lake linagwa katatu.

Chiwiya chikalimba pang'ono achikhulunga ndi nkhulungo, ndiwo mwala wosalala wa mumtsinje, kufikira chiwala. Ndipo achiumika pamthunzi, osati padzuwa, masiku ambiri. Chitauma ndithu ndipo achiotcha. Asanja nkhuni ndi makungwa pansi ndi pamwamba, nayatsa moto nthawi yopanda mphepo.

Anaotcha ziwiya zinayi, zitatu za agogo ndi kamtsuko kamodzi ka mtsikanayo. Moto uli pakati panamveka kuti phu! Phulusa litazizira anapeza zitatu zija zili bwino, zofiira, za mawanga akuda pamene nkhuni zinagunda. Kamtsukoko kanali mapale. Mtsikanayo analira, nati dzanja lake n'loipa. Agogo sanamtonthoze ndi mawu okoma. Anatola phale limodzi, nalipapasa m'mphepete, namuonetsa kamwala kakang'ono ngati njere ya mapira.

"Dzanja lako lilibe mlandu," anatero. "Ndi aka. Unathamangira kuti tsiku lija?"

Kamwala ndi dothi sizifutukuka mofanana pamoto, tsono dothi ling'ambika pozungulira kamwalako. Chimodzimodzinso madzi akatsalira m'kati mwa khoma: asanduka nthunzi, nasowa potulukira, naphulitsa chiwiya. Agogo sanaphunzire mawu amenewa pa sukulu, koma anaswa miphika yokwanira pa utsikana wawo kuti adziwe. Mapale a kamtsukoko sanatayidwe. Lina anakazingiramo mtedza, ena anakhala mosungunulira utoto.

Alipo anthu m'dziko muno amene adya ndi ntchito zotere. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo otchedwa Kungoni mu 1976, kumene amisiri ambiri anaphunzira kusema ndi kujambula. Ku Dedza, nyumba youmbira ziwiya ya Dedza Pottery inayamba mu 1987. Kumeneko ziwiya azitentha m'ng'anjo, nazipaka utoto wonyezimira, ndipo alendo azigula. Zimenezo n'zabwino, ndipo mwina wina wa inu adzagwira ntchito yotero. Koma agogo a ku Diamphwe sagulitsa kanthu. Mayi wina atafuna kugula mphika, iwo anati abwere ndi mwana wake wamkazi Loweruka, adzaponde nawo dothi, ndipo mphikawo adzautenga chabe.

Mtsikana uja anayambanso. Ulendo uno anakhala tsiku lonse akusankha timiyala, kufikira agogo omwe anati, "Basi, mwanawe, kwanira." Kamtsuko kachiwiri kanatuluka pamoto kamoyo. Kanali kopendama pang'ono, ndipo khosi lake linali lochindikala mbali imodzi, koma atakagogoda ndi chala kanalira kuti nge, monga chilira chiwiya chopsa bwino. Anathiramo madzi, ndipo sanadonthe.

Mvula yoyamba inagwa ndi mphepo, nikokolola nkhanga ndi phiri la Bunda, pakuti khoma la nyumba lilibe denga la mwala monga mapanga a ku Chongoni. Minibasi yokha inatsala, popeza inali m'kati mwa khonde. Pa Khirisimasi mayi wa anawo anabwera. Kamnyamata kanamgwira dzanja asanatule n'katundu yemwe, nikamkokera kukhonde kukamuonetsa mutu wa pawindo uja. Mayiyo anamwa madzi a m'kamtsuko kopendamako, nafunsa amene anakaumba, atamva, anayang'ana amake, nati, "Amayi, ine simunandiphunzitse."

Agogo anati, "Sunafunse. Dothi lanyikidwa kale kuseri uko. Ukatha kudya ubwere."

Pobwerera ku Lilongwe anakulunga kamtsukoko m'chitenje, nakafungata pamiyendo njira yonse ya ku Mitundu. Mphika wake woyamba anausiya pansi pa nkhokwe kuti uume, nalonjeza kudzauotcha yekha mvula ikatha.