Mafunde, Makabudula ndi Chilimira

M'chaka cha 2022 wailesi ya kanema ya ABC ku Australia inaonetsa seŵero la zigawo 8 lotchedwa Barons. Kuno ku Likoma linatipeza mochedwa, monga zichitira zinthu zambiri zodzera pa Ilala, ndipo tinalionera pa kompyuta ya mnyamata wina amene tinamphunzitsa kale. Nkhani yake iyambira m'chaka cha 1971. Ikamba za achinyamata a m'mphepete mwa nyanja yamchere amene mtima wawo wonse unali pa maseŵera amodzi okha: munthu atenga thabwa lalitali losalala, nasambira nalo kunka kumene mafunde ayambira, ndipo likadza funde lalikulu aimirira pa thabwalo, natsetsereka nalo kufikira kumtunda. Aŵiri mwa iwo anali mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Koma malonda a zovala za maseŵerawo atakula, aliyense anakhala ndi kampani yake, ndipo anzawo onse anayenera kusankha mbali. Makolo adziŵe kuti si seŵero loonera pamodzi ndi ana, pakuti muli kuledzera ndi zina zosayenera.

Anthu a m'seŵeroli ngopeka, koma mbiri imene anaumbirapo nkhaniyo njoona. M'chaka cha 1969, m'tauni yaing'ono ya Torquay, Doug Warbrick ndi Brian Singer anayamba kampani ya Rip Curl. Poyamba ankapanga matabwa aja, pambuyo pake zovala za mphira zoteteza munthu ku madzi ozizira. M'tauni yomweyo Alan Green anayamba kusoka makabudula amene anawatcha Quiksilver. M'chaka cha 1973 Gordon Merchant ndi mkazi wake Rena anayamba Billabong ku Gold Coast, akudula ndi kusoka nsalu m'nyumba mwawo momwe. Onseŵa anali anthu a m'madzi, ndipo ankasoka chimene iwo eni ankachisoŵa, ndicho kabudula wolimba, wosang'ambika funde likamgwetsa munthu. Koma chuma chenicheni chinadza pamene zovalazo zinayamba kugulidwa ndi anthu a m'mizinda amene sanaikepo phazi pa thabwa. Mathero ake ngodabwitsa. M'chaka cha 2015 Quiksilver inamira m'ngongole ku America; itadzukanso inagula mdani wake Billabong m'chaka cha 2018; ndipo m'chaka cha 2023 maina onse aŵiriwo anagulidwa ndi kampani ya ku New York yotchedwa Authentic Brands Group, imene ntchito yake ndi kugula maina otchuka.

Mainaŵa si achilendo kwa ife aphunzitsi. Tiwaŵerenga pa makabudula ndi malaya a ana athu tsiku la maseŵera, pakuti amadza m'mabelo a kaunjika. Mwana wa msodzi avala kabudula wojambulidwa funde, amene anamtaya mwana wa kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo mwina mwa aŵiriwo wodziŵa funde ndi wathuyu.

Tsono kwa ife funde si choseŵeretsa. Zoona, ana amagona chafufumimba pa zidutswa za mabwato akale namalola mafunde kuwaponyera pa mchenga, kufikira amayi awo atopa ndi kuitana. Koma munthu akakula aphunzira kuopa. Kuyambira mwezi wa May mpaka cha mu September kuomba mwera, ndipo nyanja imene mamaŵa inali ngati mphasa imasanduka mapiri dzuŵa lisanafike pamutu. Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja muno m'chaka cha 1895 ali pa ulendo wodza ku Likoma kuno. Sitima ya Vipya inamira m'chaka cha 1946, ndipo anthu 145 anatsikira nayo kuli chete. Nanga bwato la mtengo umodzi?

Chimene chinatigwira mtima m'seŵero lija sindicho mafunde kapena makabudula, koma ubwenzi uja, pakuti tinauona kale pa madooko athu, ndipo mlandu wina wotere unafika pamaso pathu akulu.

Oŵerenga a kumtunda atilole tifotokoze pang'ono. Chilimira ndi ukonde waukulu wogwirira usipa ndi utaka, ndipo munthu mmodzi sangauponye yekha. Pafunika mabwato angapo ndi gulu la alovi. Usiku wamdima mmodzi atsogola ndi nyale zoŵala kukopa usipa. Ameneyu timtcha siginala, ndipo ndiye adziŵa kumene nsomba zasonkhana, kumene madzi akukokera, ndi nthaŵi yoponya ukonde. Utaka amausaka pa virundu, ndiwo mapiri a pansi pa madzi, amene msodzi awazindikira poyang'ana mtengo wakuti ndi thanthwe lakuti kumtunda. Nzeru zimenezi sizilembedwa m'buku lililonse la pa sukulu pathu. Mwana aziphunzira m'bwato, kwa atate ake kapena kwa atsibweni ake.

Anyamata aŵiri amene anakhalira benchi limodzi m'kalasi mwathu anasonkherana ndalama zaka zingapo, nagula chilimira chimodzi. Onse aŵiri ankapalasa, onse ankakoka ukonde, ndipo nsomba ankagaŵana pa mchenga anthu akuona. Kenaka kunadza ogula nsomba ochokera ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu, okhala ndi ndalama zopereka nsomba zisanagwidwe. Mmodzi wa aŵiriwo, wochenjera pa masamu (tinamphunzitsa ndife, ndipo tivomereza kuti anali wakuthwa), anakongola ndalama nagula boti la matabwa ndi injini. Mnzake anaopa ngongole. Pasanathe zaka zitatu wina anali mwini zipangizo, wina anali siginala wolembedwa ntchito pa ukonde umene anaugula nawo. Pa madooko ambiri kagaŵidwe kake nkotere: ayamba achotsa za mafuta, mwini zipangizo atenga gawo lake lalikulu, ndipo zotsala agaŵana alovi onse. Tsiku losapha kanthu ngongole ya mafuta iyembekeza tsiku lotsatira.

Ife sitili m'gulu la iwo amene anyoza injini. Injini yafikitsa asodzi kutali kumene nkhafi sizikanafika, yathamangitsira odwala ku chipatala, ndipo ana ambiri a pa chilumba pano apita ku sekondale ndi ndalama za usipa. Munthu wokongola ndalama nazibweza mokhulupirika sanachimwire mnzake. Ndipo mlandu umene unadza kwa ife sunali wa ndalama ai. Unali wa mphepo.

Madzulo ena m'mwezi wa July siginala anayang'ana kumwera, naona mmene mitambo inakhalira pa mapiri a ku Mozambique, nanena kuti usiku umenewo sapita. Mwini zipangizo anali ndi tsiku lobwezera ngongole, ndipo ogula nsomba anali kudikira kuti akwere sitima. Iye anati nyanja ili bwino. Pamenepo panali patapita nyengo ziŵiri za mwera iye asanagonepo pa madzi. Alovi anaima pakati, achinyamata okhaokha, ena a iwo ongosiya sukulu chaka chathachi, osadziŵa womvera: wodziŵa nyanja kapena wowalipira. Anapita opanda siginala wawo. Anabwera onse amoyo m'bandakucha, koma bwato limodzi ndi nyale zake zinatsala m'madzi, ndipo funso limene anatitulira linali lakuti alipire ndani.

Apa ndipo seŵero la ku Australia lisiyana ndi moyo wathu. Kumeneko, anthu odziŵa funde ataloŵa m'maofesi, ndipo pambuyo pake makampani atagwa m'manja mwa anthu osalidziŵa konse, chimene chinasintha ndi mtengo wa kabudula ndi dzina la mwini wake. Kuno, ulamuliro ukachoka kwa munthu wa m'bwato nupita kwa munthu wa kope la ngongole, chimene chili pa sikelo ndi ana a eni. Kale wonena kuti tiyeni ndi yemweyo amene ankanyowa. Makolo athu analibe lamulo lolembedwa pa zimenezi, pakuti silinkafunika.

Tinaweruza kuti bwato ndi nyale alipire mwini zipangizo, popeza ndiye anatuma, ndiponso kuti pa ukonde umenewo mawu otsiriza pa za mphepo akhale a siginala. Mwiniyo analipira mosanyinyirika, koma chigamulo chachiŵiricho sanachilandire. Anapeza siginala wina wachinyamata wochokera ku Chizumulu. Mnzake uja anabwerera ku bwato lake ndi matchera, ndipo masiku ano akocheza pa dooko lina.