Thukuta la pa sikirini alipira ndani?

Pakatuluka trailer ya gemu yatsopano timatumizirana pa WhatsApp n'kumauzana kuti, "Ona ma graphics!" Timayang'ana thukuta likutsika pa nkhope ya wosewera mpira, udzu ukugwedezeka umodziumodzi, madzi a mvula akuwala pa msewu. Zoona n'zokongola. Koma thukuta limenelo lili ndi mtengo, ndipo mtengo wake wayamba kulemera ngakhale makampani amene amalijambula.

Manambala ake makampani sakonda kuwatchula. Mu 2023, pa mlandu wa ku America wokhudza Microsoft kugula Activision, Sony inapereka mapepala amene mizere ina inafafanizidwa ndi cholembera chakuda, koma anthu anakwanitsabe kuwerenga. The Last of Us Part II inadya madola pafupifupi 220 miliyoni, Horizon Forbidden West 212 miliyoni. Kumapeto kwa chaka chomwecho akuba a pa intaneti anatulutsa mafayilo a Insomniac, ndipo zinadziwika kuti Spider-Man 2 inafika pa madola pafupifupi 300 miliyoni. Zambiri mwa ndalama izi ndi malipiro: anthu 200 kapena 300 kugwira ntchito zaka zisanu, wina pa tsitsi chabe, wina pa kuwala kwa dzuwa pa galasi la motoka. Spider-Man 2 inagulidwa bwino, koma mu February 2024 Sony inachotsa anthu pafupifupi 900 ntchito, ena mwa iwo a ku Insomniac komweko.

Munthu akaika ndalama zotere pa gemu imodzi amayamba mantha. Safunanso kuyesa chachilendo. N'chifukwa chake tikuona nambala 2, nambala 3, ndi magemu akale ovekedwa malaya atsopano. The Last of Us yoyamba inatuluka mu 2013, anaikonzanso mu 2014, n'kuipanganso mu 2022. Ndipo akayesa chatsopano n'kulephera, kugwa kwake n'koopsa. Concord inatuluka pa 23 August 2024 ikuoneka bwino kwambiri, koma osewera sanabwere. Patapita milungu iwiri Sony inaitseka, inabweza ndalama kwa ogula, kenako inatsekanso situdiyo ya Firewalk imene inaipanga.

Manje ife kuno bilu imatifika bwanji? Mtengo wa gemu yaikulu unakwera kuchoka pa madola 60 kufika 70 kuyambira 2020, ndipo Mario Kart World mu 2025 inafika pa 80. Musinthe nokha mu Kwacha muone. Pamwamba pa izo pali makina oti aithamangitse, ndi kuidawuniloda. Magemu ena amapitirira 100 GB, ndiye werengerani mabandulo, muwonjezere ndi malaiti kuzima ili pakati. Tikulipirira udzu umene pa TV yathu yaing'ono sitiuonako n'komwe.

Amene amadziwa zoona zake ndi eni mashopu a magemu m'makomboni. Iwo safunsa kuti gemu ili ndi ma pixel angati. Amafunsa kuti anyamata adzabweranso mawa kapena ayi. Ndiye amaika mpira ndi Mortal Kombat, chifukwa woluza amafuna kubwezera, ndipo kubwezerako ndiko kumabweretsa ndalama. Ambiri a ife tinakulira pa GTA San Andreas ya 2004, CJ ali ndi manja ngati njerwa, ma cheat titalemba pa kapepala kopindapinda m'thumba. Palibe amene ankadandaula za manjawo. Tinkadandaula mwini shopu akanena kuti nthawi yatha.

Sitikunena kuti maonekedwe alibe ntchito. Gemu imene sungaone bwino mdani ali kuti ndi yotopetsa, ndipo zojambula zabwino zimakukokera mkati mwa nkhani. Koma kuoneka bwino ndi kuoneka ngati filimu ndi zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho ndicho chimadya mamiliyoni. Minecraft ndi mabokosi okhaokha. Markus Persson wa ku Sweden anaiyamba mu 2009, ndipo pofika 2023 inali itagulidwa makope opitirira 300 miliyoni. Free Fire inafalikira chifukwa imagwira pa foni yotchipa. Ngakhale madala a pa nsolo angatiseke: maenje m'dothi ndi timiyala, koma munthu amaiwala kuti anamutuma ku msika.

Chimene chimatisangalatsa pa nkhani iyi n'chakuti mbali imodzi ya mpikisano ndi yotseguka kwa ife. Pa thukuta ndi udzu sitingalimbane ndi situdiyo ya anthu 300 ku California. Pa malamulo a sewero, pa kaganizo koti munthu anene kuti "kamodzi chabe, kothera", khomo silifuna mamiliyoni. Eric Barone anapanga Stardew Valley yekha kwa zaka zinayi ndi theka, zithunzi, nyimbo ndi pulogalamu yonse, uku akugwira ganyu yoonetsa anthu mipando mu holo ya zisudzo ku Seattle. Inatuluka mu 2016 ndipo yagulidwa makope opitirira 30 miliyoni. Pulogalamu yopangira magemu ya Godot ndi yaulere, ndipo imagwira ngakhale pa laputopu yakale ija tinagula ya sekondi handi tili ku koleji.