Tizidutswa ta chitsulo totsanzira ntchito ya chimera

Mayi aliyense wodziwa kuphika thobwa amaidziwa ntchito ya enzaimu, ngakhale dzinalo sanalimvepo. Akathira chimera m'phala lofunda, phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera, chifukwa m'chimera muli mapuloteni amene amaswa ufa kukhala shuga. Akachithira phala likadali lobwata, chimeracho chimatha mphamvu. Ma enzaimu ambiri ndi otero: amafulumizitsa kusintha kwa zinthu, koma kutentha kumawawononga, ndipo kuwayenga kuti akhale mankhwala kumadya ndalama zambiri.

M'chaka cha 2007, asayansi otsogoleredwa ndi Yan Xiyun ku Institute of Biophysics mumzinda wa Beijing analemba m'magazini ya Nature Nanotechnology kuti tizidutswa ta mwala wachitsulo wotchedwa magnetite timagwira ntchito yofanana ndi ya enzaimu yotchedwa peroxidase. Tizidutswato timayezedwa m'mananomita. Mita imodzi ili ndi mananomita 1 biliyoni, ndipo tsitsi limodzi ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Zinthu zotere zimatchedwa ma nanozyme. Si zamoyo, choncho zimapirira kutentha, zimasungika nthawi yaitali ndipo kuzipanga n'kotsikirapo mtengo.

Chimene chimakopa ofufuza za khansa ndi khalidwe la chotupa. Otto Warburg wa ku Germany anaona m'zaka za m'ma 1920 kuti maselo a khansa amadya shuga mwadyera, n'kumatulutsa asidi. Motero m'chotupa mumakhala asidi wambiri kuposa m'mnofu wabwino, okosijeni amaperewera, ndipo nthawi zambiri mumachuluka hydrogen peroxide. Chitsulo chikakumana ndi hydrogen peroxide pamalo a asidi, pamabadwa timamolekyu taukali timene timaboola khungu la selo ndi kuwononga DNA yake. Mphamvu ya chitsulo chosakanizidwa ndi hydrogen peroxide anaifotokoza Henry Fenton mu 1894. Chatsopano n'chakuti chitsulocho chingatumizidwe kuti chikayambitse ukaliwo m'kati mwa chotupa momwemo, khansa iphedwe ndi zinyalala zake zomwe.

Palinso njira zina. Tizidutswa ta manganese dioxide timaswa hydrogen peroxide kukhala madzi ndi okosijeni, ndipo chotupa chokhala ndi okosijeni chimagonja msanga chikamawotchedwa ndi cheza cha kuchipatala. Tizidutswa ta golide timawononga shuga, chotupa n'kusowa chakudya. Mu 2022 bungwe la akatswiri a kemisitiri la IUPAC linaika ma nanozyme pa mndandanda wa maluso 10 atsopano oyenera kuwayang'anira.

Komabe walira mvula walira matope. Timamolekyu taukali tija sitisankha selo lodwala kapena labwino, ndipo tizidutswa tambiri tobayidwa m'magazi timakathera m'chiwindi ndi m'kapamba tisanafike pachotupa. Pafupifupi zonse zosangalatsa zimene zalembedwa zaonekera m'maselo a mu labotale ndi pa mbewa, ndipo mankhwala ambiri amene anachiritsa mbewa analephera atafika pa anthu. Kuti chinthu chichoke mu labotale n'kufika pa bedi la wodwala pamapita zaka zambiri za kuyesa.

Apa ndi pamene pali ngozi kwa banja limene likudwazika matenda. Mawu akuti “nano” afika kale pa mabotolo ogulitsidwa pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo munthu wothedwa nzeru angagulitse mbuzi kapena munda kuti agule madzi opanda umboni, n'kusiya chithandizo cha kuchipatala. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri, chonsecho katemera wa HPV alipo, ndipo kuyeza ndi viniga kumaonetsa zizindikiro matendawo asanakhwime. Ma nanozyme akadzatsimikizika, kutsika mtengo ndi kupirira kutentha kudzathandiza kwambiri zipatala zosowa mafiriji ndi magetsi odalirika. Pakadali pano, chimene chingapulumutse mayi wa ku Chipata, Angónia kapena Dedza ndi kupita kukayezetsa asanayambe kumva ululu.