Khwangwala Amanga, Kabawi Agonamo

Msewu wochokera ku Lusaka kupita ku Kafue ukangodutsa Chilanga, kumene kuli fakitale ya simenti, umayenda pakati pa timapiri ndi minda mpaka kufika pa Shimabala. Pamenepa galimoto zimaima pa chipata cholipirirapo msonkho wa msewu, ndipo apaulendo ambiri saona china koma mzere wa magalimoto. Ife tikupempha owerenga athu kuti tsiku lina pofika pa malowa adzakweze maso. Dera lino la Kafue ndi njira ya magetsi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mphamvu yochokera ku Kafue Gorge yakhala ikuyenda pa nsanja zazitali zachitsulo kupita ku Lusaka ndi kumigodi, ndipo nsanja zotere, kulikonse kumene zaima, zimasanduka midzi ya mbalame.

Mwini mudzi ndi khwangwala, uja wa chifuwa choyera ngati wavala malaya a ku ukwati. Ndi mmisiri wosasankha zomangira. Amatola timitengo, nsanza, ubweya, ngakhale zidutswa za waya wa mpanda, n'kuluka chisa cholimba pamwamba posafika mwana ndi legeni. Anthu samukonda. Amaba chimanga, amatola anapiye, amafwanthula zinyalala pa msika. Komabe tisaiwale kuti m'Malembo ndi mbalame za mtundu wake zimene zinkatengera mneneri Eliya chakudya pa nthawi ya chilala.

Pali mnzake wina amene moyo wake wagona pa luso la khwangwala. Ameneyu ndi kabawi, wa mapiko osongoka, amene amagwira njiwa ili m'mlengalenga. Pa ukatswiri wake wonse wa kusaka, kabawi sadziwa kumanga chisa. Palibe kabawi ndi mmodzi yemwe amene amaluka timitengo. Akapeza phanga pa thanthwe amaikira mazira pamenepo. Kumene kulibe matanthwe amafuna nyumba yomangidwa kale, ndipo nthawi zambiri imakhala ya khwangwala. Kabawi amene akatswiri a mbalame amamutcha Lanner amachita zimenezi pa nsanja za magetsi m'maiko ambiri a kum'mwera kuno. Wina wa khosi lofiira, amene amapezeka m'madambo a Kafue kumadzulo kwa Shimabala, amakonda zisa za khwangwala za m'migwalangwa.

Kwathu kuno nyengo ndiyo imaweruza mlandu wa awiriwa. Kabawi wa Lanner amaikira mazira ake atatu kapena anayi m'miyezi yozizira, pamene akhwangwala ambiri amayamba kuswa kukatentha, mvula ili pafupi. Motero kawirikawiri mlendo amalowa m'nyumba ya chaka chatha mwini wake asanaiganizirenso. Sikuti mtendere ulipo wathunthu ayi. Akhwangwala amathamangitsa kabawi ali gulu, ndipo dzira losiyidwa lopanda mlonda silikhalitsa.

Kumene nkhaniyi inafika povuta ndi kutali ndi kuno. Ku Mongolia ndi ku Hungary kuli kabawi wamkulu wotchedwa Saker, amene ali m'kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi ya kutha. Ambiri anagwidwa kukagulitsidwa kwa osaka nyama a ku Arabia, ena anafa ndi magetsi. M'zigwa za Mongolia mbewa zilipo zochuluka koma mitengo kulibe, choncho mu 2010, ndi thandizo la boma la Abu Dhabi, anthu anaimika zisa zopanga zokwana 5,000, migolo yachitsulo yokhomedwa pa mizati. Akabawi anabwera ndithu. Koma anabweranso akhungubwi, achibale aakulu a khwangwala, pamodzi ndi mbalame zina zodya nyama, n'kutenga gawo lawo. Bokosi lilibe chikwangwani chonena za mwini wake, ndipo mbalame siwerenga.

Chimene chinathandiza kumeneko ndi kuchuluka kwa nyumba. Zisa zitamwazikana m'chigwa chonse, khungubwi anapeza pake, kabawi pake, ndipo anapiye a Saker oswedwa m'migolo ija anafika zikwi zingapo. Ku Hungary nako anamangirira mabokosi pa nsanja za magetsi, ndipo lero akabawi ambiri a m'dzikomo amaswera m'menemo. Ife tikuona kuti nzeru imeneyi ndi yoposa ya mfuti kapena chiphe. Kupha khwangwala pofuna kuthandiza kabawi n'kupha mmisiri wa nyumba yake, pakuti kumene kulibe mabokosi womanga ndi yemweyo.

Apa ndipo nkhani ikubwerera pa Shimabala ndi madera onga ameneyu. Chisa cha khwangwala pa nsanja si chinthu chokondweretsa amisiri a magetsi. Waya umene iye walukiramo ukakhudza nthambo, magetsi angathe kuzima m'dera lonse, zigayo n'kuima. N'chifukwa chake makampani a magetsi m'maiko ambiri amagwetsa zisazi, ndipo sitingawadzudzule. Koma chisa chogwetsedwa mu Julaye chingakhale ndi mazira a kabawi. Kumaiko ena anaphunzira kusuntha chisa kapena kuika thandala pa mbali ya nsanja yotalikira nthambo, kuti mbalame ikhale ndi magetsi ayake.

Tingafunse kuti kabawi atipindulira chiyani, popeza nayenso sakana mwanapiye wa pakhomo. Amayi oweta nkhuku ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma chakudya chake chachikulu ndi njiwa ndi timbalame tija timene timatera m'munda wa mapira ngati mtambo, kuwonjezapo mbewa ndi dzombe. Ndiponso dziko la Zambia lili ndi kabawi wake wosowa, wamng'ono wotchedwa Taita, amene ankadziwika kwambiri pa matanthwe a Batoka kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo masiku ano saoneka kawirikawiri.

Mvula ikagwa, inswa zikayamba kuuluka, kumafika alendo enanso: timakabawi ta Amur, timene timachokera kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kuwoloka nyanja ya India, kudzatera pa nthambo za kuno m'magulu. Sitiswa kwathu. Kwawo, kumene timabwerera mvula ikatha, timaikira mazira m'zisa zakale za achibale a khwangwala.