Kwa Achimwene ku Joni: Mlandu wa Paul Simon

Achimwene anga okondedwa,

 

Ndalemba chifukwa cha mawu amene munanena ulendo watha uja, akuti Paul Simon ndi mbala yovala jekete, ndipo nyimbo zake simufuna kuzimva m'nyumba mwanu ngakhale m'galimoto. Tsiku limenelo sindinafune kukudulani mawu. Koma mkangano wa munthu ameneyu si wa pakhomo pathu pokha. Anthu akhala akutsutsana za iye kwa zaka pafupifupi 40, choncho ndaona kuti ndilembe poyera, kuti ena oganiza ngati inu kapena ngati ine awerenge nawo.

Pa luso lake sitikutsutsana. Mnyamata amene anabadwa mu 1941 n'kukulira ku Queens mumzinda wa New York, anayamba kuimba ndi mnzake wa kusukulu, Art Garfunkel, ndipo awiriwa anasiya nyimbo zomwe mpaka lero sizikalamba: "The Sound of Silence", "Mrs. Robinson", "The Boxer" ndi "Bridge over Troubled Water". Yomalizayi, ya mu 1970, anaiimbanso Elvis Presley ndi Aretha Franklin, ndipo anthu amaisankha pa maliro ndi pa maukwati pomwe. Ngakhale nthawi imeneyo ena ankati nyimbo za Simon n'zosalala mopitirira, zoyenera ana a kukoleji, zopanda moto umene unali mwa Bob Dylan kapena The Rolling Stones. Ena ankati kusalalako ndiye luso lenilenilo, poti palibe liwu limene analiika mwangozi. Umenewo ndi mkangano wa makutu, ndipo aliyense ali ndi ake. Wanu ndi wolemera kuposa pamenepo, chifukwa mukufunsa za mwini wake wa nyimbo.

Pa mfundo imeneyo muli ndi umboni, ndipo sindiubisa. Nyimbo ya "Scarborough Fair" ndi yamakolo a ku England, koma kaimbidwe kake pa gitala Simon anaphunzira kwa Martin Carthy pamene ankakhala ku London. Chimbale chokhala ndi nyimboyo chitatuluka mu 1966, dzina la Carthy panalibe, ndipo mkuluyo anakhala ndi chilonda mumtima mpaka mu 2000, pamene awiriwa anaimbira limodzi nyimboyo ku London. "El Cóndor Pasa" nayo Simon ankaiyesa ya makolo a ku Peru yopanda mwini, pomwe anaipeka ndi Daniel Alomía Robles mu 1913, ndipo zinatengera mwana wa Robles kukadandaula kukhoti kuti dzina la bambo ake lilembedwe. Chondipweteka n'chakuti Simon yemweyo ankadziwa mmene zimamvekera ena akagwira ntchito yako osakuuza. "The Sound of Silence" poyamba inali ya mawu awiri ndi gitala wamba, ndipo chimbale chake sichinagulidwe. Mu 1965 wojambula nyimbo wina, Tom Wilson, anaithira magitala amagetsi ndi ng'oma eni ake osadziwa. Munthu amene zinamuchitikirapo zotere anayenera kukhala woyamba kusamala ndi za anzake.

Tsono tifike pa chimbale cha Graceland, pomwe pagona mkwiyo wanu. Mu 1984 Simon anali pansi. Ukwati wake ndi Carrie Fisher unali utatha, chimbale chake cha Hearts and Bones chinali chitakanika pa msika. Mnzake wina anamubwereka kaseti ya nyimbo za m'makomboni a ku South Africa, zija za akodiyoni ndi gitala wothamanga, ndipo anaimvera mpaka inamulowa m'magazi. Mu February 1985 anakwera ndege ndi katswiri wake wojambula mawu, Roy Halee, n'kukalowa mu situdiyo ya Ovation ku Johannesburg kwa milungu iwiri.

Vuto linali nthawi yake. Mu December 1980 bungwe la United Nations linali litapempha oimba, olemba ndi aluso onse kuti anyanyale dziko la South Africa mpaka ulamuliro wa tsankho utagwa. Kunyanyalako sikunali kwa masewera. Chinali chimodzi mwa zida zochepa zimene anthu opanda mfuti anali nazo. Harry Belafonte, yemwe anali bwenzi lake, anamulangiza kuti ayambe walankhula ndi a ANC. Simon sanatero. Ankati woimba sapempha chilolezo kwa andale. Miyezi yochepa atachoka, mu July 1985, boma la P.W. Botha linalengeza lamulo la chiopsezo, apolisi n'kumatsekera anthu mazanamazana popanda mlandu.

Apa, achimwene, ndili mbali yanu. Mlendo akafika m'mudzi muli maliro, sayamba kuimba ng'oma pabwalo, ngakhale ng'omayo ikhale yokoma chotani, asanadzere kwa eni mbumba kukapepesa. Simon analowa m'dziko lolira ngati kuti misozi ya eni ake siimukhudza. Dali Tambo, mwana wa Oliver Tambo, pamodzi ndi Jerry Dammers ndi anzawo a gulu la Artists Against Apartheid, anali ndi chifukwa chomveka chokaimira panja pa Royal Albert Hall ku London mu 1987 kumutsutsa. Mantha awo anali akuti mmodzi wotchuka akaboola mpanda, ena adzadzera pomwepo, ndipo boma la tsankho lidzauza dziko kuti zonse zili bwino. Anthu enanso anakhumudwa ndi mawu a nyimbozo. Dziko likuyaka moto, nyimbo yomwe inapereka dzina ku chimbalecho ikukamba za ulendo wa bambo ndi mwana wake wopita ku nyumba ya Elvis ku Memphis, ndi za banja lotha. Pamwamba pa izo anaitana Linda Ronstadt kudzaimba nawo "Under African Skies", pomwe mayiyo anali ataimbapo ku Sun City mu 1983, malo amene oimba ambiri ankawakana.

Pomwe tikusiyana ndi apa. Mukati chimbalechi chisamveke m'nyumba mwanu, amene mukumutseka pakamwa si Simon yekha. Mukutsekanso anthu amene manja awo ndi makosi awo ndiwo anapanga phokoso limenelo.

Tatengani "You Can Call Me Al", ija ana anu amaidziwa chifukwa cha kanema wake woseketsa wa Chevy Chase. Chakumapeto zida zonse zimakhala chete kwa kamphindi, besi n'kuthamanga yokha ngati ikutsika ndi kukweranso makwerero. Zala zimenezo ndi za Bakithi Kumalo wa ku Soweto, amene ankaimba besi yopanda timizere ta zitsulo pakhosi pake, n'chifukwa chake mawu ake amatsetsereka ngati a munthu. Theka loyamba la kathamangidweko analiimba yekha, theka lachiwiri ndi tepi yomweyo yoseweredwa chobwerera. Chitoliro chimene chimalira pakati pa nyimboyo anaimba Morris Goldberg, wobadwira ku Cape Town, ndipo aliyense amene anamverapo kwela ya Donald ndi Daniel Kachamba kwathu kuno amachizindikira msanga. Gitala wake ndi wa Ray Phiri wa gulu la Stimela. Dzina limenelo lisakudutseni. Raymond Chikapa Phiri anabadwira kufupi ndi Nelspruit mu 1947, ndipo bambo amene anamulera, amenenso ankaimba gitala, anali wochokera ku Malawi, mmodzi wa anthu athu amene anapita ku Joni kukasaka ntchito monga munachitira inu.

Kenako mverani chiyambi cha "Diamonds on the Soles of Her Shoes", kapena "Homeless" yonse, imene anaijambulira ku Abbey Road ku London popanda chida chilichonse. Amenewo ndi a Ladysmith Black Mambazo motsogozedwa ndi Joseph Shabalala. Kaimbidwe kawo, isicathamiya, kanakulira m'mahositelo a amuna ogwira ntchito kutali ndi kwawo, amene ankavina monyang'ama kuti asadzutse alonda. Agogo athu amene anapita ndi Wenela ankagona m'malo otero. Mawu otsika a amuna aja akamagunda pamodzi ngati mtima umodzi, ndimamva kusowa kwawo kwa munthu amene wasiya mkazi ndi ana kumudzi. Kodi zimenezo tizitaye chifukwa pachikuto pali dzina la Mzungu wa ku New York?

Ndiponso tisanene ngati oimbawa anali ana osadziwa chimene akuchita. Anali akatswiri, ena ali kale ndi zimbale zogulidwa kwambiri kwawo. Simon anawalipira katatu kuposa mlingo wa oimba a mu situdiyo ku New York. Pa chikuto analemba Forere Motloheloa, Msotho woimba akodiyoni, ngati wopeka nawo "The Boy in the Bubble", General M.D. Shirinda pa "I Know What I Know", ndi Shabalala pa "Homeless". Iye mwini anali atakana kukaimba ku Sun City. Boma la tsankho linkafuna kuti Mzulu amve za Chizulu pa wailesi yake, Msotho pa yake, Mshangani pa yake. Chimbalechi chinaika onsewo pamodzi n'kuwatulutsira ku dziko lonse. Chitatuluka mu August 1986 chinagulidwa makope opitirira 10 miliyoni, n'kupata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana mu 1987. Chaka chomwecho Simon anathandiza a Mambazo kujambula Shaka Zulu, chimene chinawapezera Grammy yawoyawo yoyamba, ndipo kuchokera pamenepo anayenda dziko lonse mwa iwo okha.

Sindikuti zonse zinagawidwa mwachilungamo. Ray Phiri yemweyo, patapita zaka, anadandaula poyera kuti dzina lake silinalembedwe pa nyimbo zomwe anathandiza kupeka ndipo ndalama zimene anapeza zinali zochepa. A Los Lobos a ku Los Angeles, amene anaimba nyimbo yotsiriza pa chimbalecho, nawonso anati Simon anatenga nyimbo yawo osawatchula. Madandaulo amenewa ndi oona mtima ndipo sayenera kukwiriridwa. Koma taonani kuti Phiri sanapemphe kuti anthu aleke kumvera. Anapempha kuti adziwike. Mu 2011 anakaimbanso ndi Simon ku Johannesburg pokumbukira zaka 25 za chimbalecho.

Mboni zina ziwiri zimene sindingathe kuzinyalanyaza ndi Miriam Makeba ndi Hugh Masekela. Awa anali atakhala kunja kwa dziko lawo kuyambira cha m'ma 1960, Makeba anakanizidwa ngakhale kukaika maliro a mayi ake. Palibe amene akanawaphunzitsa za kuwawa kwa tsankho. Komabe anasankha kuyenda ndi Simon pa ulendo wa zoimba wa Graceland. Mu February 1987, pa bwalo la Rufaro ku Harare, pamaso pa chikhamu cha akuda ndi azungu, ena atachita kuwoloka Limpopo, Masekela anaimba nyimbo yake yofuna kuti Nelson Mandela amasulidwe, Makeba anaimba "Soweto Blues", ndipo onse pamodzi anatsiriza ndi "Nkosi Sikelel' iAfrika". Zimene chimbale sichinanene, nsanja inanena. Mandela atatuluka mu 1990 ndipo kunyanyala kutafewetsedwa, Simon anakaimba ku South Africa mu January 1992 a ANC atavomereza, ngakhale a AZAPO anakanabe mwamphamvu. Eni dziko okha sanagwirizane pa nkhaniyi, ndipo onse anali okonda ufulu.

Pali chinanso chimene ife Amalawi tiyenera kuchikumbukira tisanakweze mawu kwambiri. Kuyambira 1967 dziko lathu linali ndi ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho, pamene maiko anzathu a mu Africa ankalikana, ndipo ngongole ya ku Pretoria inathandiza kumanga likulu lathu la Lilongwe. Sindikunena izi kuti ndimuyeretse Simon. Ndikunena kuti nthawi imeneyo inadetsa manja a anthu ambiri, ndipo amene tikuweruza lero tiziweruza modzichepetsa.

Mu kanema wa 2012 wotchedwa Under African Skies, Simon ndi Dali Tambo anakhala pampando umodzi n'kukambirana maso ndi maso. Tambo sanasinthe maganizo ake pa za kunyanyala, Simon sanasiye kukhulupirira kuti woimba ali ndi ufulu wake, koma anamverana mpaka kumapeto ndipo anakumbatirana. Shabalala anatisiya mu 2020, Phiri mu 2017, Masekela mu 2018, Makeba mu 2008. Simon ndi nkhalamba tsopano, ndipo khutu lake lakumanzere pafupifupi silikumvanso. Posachedwa amene adzatsale ndi nyimbozi ndi ana athu, ndipo adzadziwa zokhazo zimene tawauza.

Choncho pempho langa ndi ili. Musamukhululukire Simon ngati mtima wanu sukufuna, palibe amene akukukakamizani. Koma musabise chimbalecho. Chiikeni, ndipo gitala akalira muwauze ana kuti ameneyo ndi Chikapa Phiri, mdzukulu wa kwathu. Besi ikathamanga muwauze kuti ndi Kumalo. Muwauzenso za Dali Tambo ndi chifukwa chimene anaimira panja pa holo ija. Mukatero muwagulire za Stimela ndi za Mambazo, zimene zili pafupi nanu kumeneko kuposa ine kuno. Ngati cholakwa cha Simon chinali kusatchula mokwanira eni luso, mankhwala ake ndi kuwatchula ifeyo, mokweza, kwa ana athu.

Mundipatsire moni alamu ndi ana onse. Yankho lanu ndilidikira, ngakhale litakhala londitsutsa.

Ine mng'ono wanu wokukondani.