Tinapirikitsa Amwenye, tapirikitsa Maburundi, nanga talemera?

Agogo anga aamuna anali telala. Makina awo a Singer ankakhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina pa Mponela. Anthu ochokera m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akagulitsa fodya ndi mtedza ankagula nsalu m'katimo n'kutulukira nayo pakhonde kuti agogo awasokere. Mmwenyeyo sanali mngelo ayi. Ankawaitana kuti "boyi" chikhalirecho iwo anali bambo wa ana asanu, ndipo tiyi ankawapatsira m'chitini. Koma agogo ankati tsiku lomwe lole inabwera kudzasenza katundu wake, iwo anagwetsa misozi. Ndili mwana nkhaniyi inkandiseketsa. Munthu n'kulirira bwana wokunyoza?

Chomwe chinamuchotsa Mmwenyeyo pa Mponela ndi lamulo, ndipo inu anzanga a geni muyenera kuyidziwa mbiri yake chifukwa ikutilondolabe mpaka m'misika yathu.

Amwenye anayamba kufika kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ulamuliro wa atsamunda utangoyamba. Atsamundawo anasanja anthu ngati magiredi a fodya ku okushoni: Mzungu pamwamba, Mmwenye pakati, ife pansi, aliyense ndi sukulu yakeyake. Mmwenye ankapatsidwa katundu pa ngongole ndi abale ake a ku Limbe, pamene munthu wakuda analibe womukongoza. Choncho mkwiyo wa makolo athu sunali wa bule.

Titalandira ufulu, boma la Kongeresi linangotembenuza mpeni womwewo. M'lamulo la unzika lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 munadzakhala mawu akuti mwana akhale nzika pobadwa pokhapokha kholo lake limodzi lili nzika komanso "la mtundu wa Chiafirika". Mwana wa Mmwenye, ngakhale mchombo wake utagwera pa Dowa pompano, ankaoneka mlendo. Mawu amenewa anachotsedwa mu 1992, mphepo ya matipate itayamba kuomba.

Mu 1970 Kamuzu analamula kuti Amwenye asiye malonda a kumidzi. Pofika 1978 anali atawaunjika m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Mu 1976 Amwenye ochokera ku Goa anathamangitsidwa m'dziko muno, ati chifukwa ku kalabu yawo wina anatseka wailesi Ngwazi ikuyankhula. Masiku amenewo zinthu zinkatheka choncho, abale.

Nanga pa Mponela panachitika zotani? Agogo ankati sitolo ija anaitenga mkulu wina wodziwika kuchipani. Chaka choyamba munali nsalu, chachiwiri munatsala machesi ndi mchere, chachitatu munalowa mileme. Boma linatsegula Chipiku kuti anthu azipikula pafupi, koma kopikulako ankafuna ndalama pamanja, ndipo mpamba ndi umene anthu analibe. Popanda nsalu telala asoka chiyani? Agogo anamanga makina awo panjinga n'kubwerera kumudzi kukalima. Mpaka lero mukayenda m'matauni a kumidzi muona timasitolo takale ta makonde aatali, tina tatsekedwa, tina tasanduka tchalitchi kapena shoo ya mafilimu.

Ine ndinkaganiza kuti zimenezi n'zakale. Ndinazionera ndekha mu 2023.

Pafupi ndi boma la Dowa pali Dzaleka. Nthawi ya Kamuzu inali ndende ya anthu omangidwa pa zandale, ndipo a Mboni za Yehova ambiri anazunzikira momwemo. Mu 1994 anaisandutsa kampu ya anthu othawa nkhondo ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Malo okonzera anthu pafupifupi 12,000 anadzafika posunga anthu opitirira 50,000. Dziko lathu posayina pangano la United Nations loteteza othawa kwawo linakana kuwapatsa ufulu wonse wokhala pomwe afuna ndi wogwira ntchito, ndipo lamulo lathu la 1989 silinamasule chingwe chimenechi. Ambiri anatuluka ndithu n'kukatsegula magolosale m'makwalala a Lilongwe, ife n'kumangowatchula onse kuti Maburundi.

Boma litapereka tsiku la 15 April 2023 kuti onse abwerere ku kampu, mu May apolisi ndi asilikali anayamba kuwasaka. Ena, kuphatikizapo amayi ndi ana, anayamba agona kundende ya Maula asanawatengere ku Dzaleka. Mlongo wanga, yemwe ali ndi kaokala ku Lilongwe, anandiimbira foni akuseka: "Achimwene, atichokera! Tsopano makasitomala onse ndi athu." Ndisabise, nanenso ndinakondwera naye. Ndinkadziwa mmene ankavutikira kupikisana ndi munthu wogulitsa sopo motchipa kuposa mmene iye amapikulira.

Patatha miyezi itatu ndinakamuona. Makasitomala anabweradi, koma mashelefu anali pululu. Ndinamufunsa kuti zatani. Anayang'ana pansi n'kunena kuti shuga ndi mafuta ophikira ankatenga pa ngongole kwa Mburundi yemwe uja, n'kumabweza Loweruka akagulitsa. Kubanki anamufunsa chikole, wakatapila anamutchulira chiongoladzanja choopsa. Mwini nyumba yomwe Mburundiyo ankachita lendi nayenso anali kudandaula. Pamenepo ndinakumbukira misozi ya agogo. Iwo sankalirira bwana, ankalirira nsalu.

Musandimve molakwa. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake olowera ndi otulukira, ndipo mlendo wozembetsa katundu kapena wothawa msonkho amangidwe monga angamangidwire Mmalawi. Koma kawiri konse tauzidwa kuti umphawi wathu uli ndi nkhope ya mlendo, ndipo kawiri konse mlendo wachoka umphawi n'kutsala pakhomo. Wageni amasowa mpamba, ngongole yachifundo, kopikula kotsika mtengo ndi benchi lodalirika mumsika. Zimenezi lole ya apolisi sibweretsa.

Tisaiwalenso kuti ndife mtundu woyenda. Agogo a ambiri a ife anapita ku Wenela ndi ku Halale. Mu 2001 dziko la Zimbabwe litasintha lamulo lake la unzika, ana ndi adzukulu a Amalawi obadwira konko anadzidzimuka akutchedwa alendo, ena osaloledwa ngakhale kuvota. Mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga abale athu omwe ankasakidwa ngati mbewa ku Durban. Tinakwiya tonse, ndipo tinayenera kukwiya. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mng'ono wanga ali ku Joni, amagulitsa m'kashopu ka munthu wina, ndipo mapepala ake sali bwino. Mayi athu sagona akamva kuti kumeneko kwayambanso zopirikitsa alendo. Sabata yatha ndinadutsa pa Dzaleka pa kabaza, ndinaona kamnyamata ka msinkhu wakewo kakukazinga chapati m'mbali mwa msewu. Kanandilonjera m'Chichewa chosalala kuposa changa. Ndinakafunsa kwawo, ndipo kanaloza kuseri kwa mpanda n'kunena kuti, "Ndinabadwira pompano, achimwene." Ndinagula chapati ziwiri, mawu anandithera.