Pakhomo pa scrubber sipochepetsera mtengo

Ife opanga ma scrubber, makina otsuka utsi wa m'mafakitale ndi madzi, tatopa nawo mawu akuti "anzanu aja anditchulira theka la mtengo wanuwu." Thanki, pampu ndi mipopi yowaza madzi, aliyense wodziwa kuwotcherera angalumikize. Nzeru yakenso si yachilendo: ku Battersea, mumzinda wa London, ankatsuka kale utsi wa malasha m'zaka za m'ma 1930. Phala la laimu limayamwa mpweya wa sulufule, basi. Koma ndalama ya kasitomala imafera pamalo amodzi amene otchipawo amawanyalanyaza, pakhomo pomwe utsi wotentha umakumana ndi madzi koyamba.

Utsi wa boyila ya malasha umafika pamenepo uli pa madigiri pafupifupi 150, ndipo m'kanthawi kochepa uyenera kutsika kufika pa 50 kapena 60. Khoma la pamenepa silikhala lonyowa, silikhalanso louma. Dontho likagwapo limaphwa n'kusiya mchere ndi asidi, lina n'kudzawonjezera, mpaka asidi amene m'thanki ndi wofooka pakhomapo amakhala waukali. Chitsulo wamba sichichedwa kubooka. Wina amati, "Ikani stainless, sichita dzimbiri." Kusadziwa kumeneko! Chloride wochokera m'malasha amachulukirachulukira chifukwa madzi timazunguliza omwewo, ndipo stainless ya 304 amaiboola timabowo ngati anankafumbwe m'chimanga, kunja ikuwalabe. Mphira ndi fibreglass zimapirira asidi, n'chifukwa chake m'kati mwa nsanja ya scrubber timazikonda, koma magetsi akangothima pampu n'kuima, utsi wosazizira umazipsereza. Ine pakhomopa ndimaika C-276, chitsulo cha nickel wambiri, ndi thanki ya madzi apangozi pamwamba, oti azitsika okha popanda pampu.

N'zoona, C-276 ndi yodula kangapo kuposa stainless. Koma imafunika pa mamita ochepa chabe, pomwe pakhomo pakabooka boyila yonse imaima, antchito n'kumalipidwa ali chikhalire. Enanso amati tingochulukitsa laimu kuti asidi afe. Laimuyo ali m'thanki, pakhoma louma lija safikapo mokwanira. Komanso pH ya phala timaisunga pakati pa 5 ndi 6 dala: ikakwera kwambiri, laimu amaundana m'mipopi ndi m'zitsulo zogwira madontho kumtunda, madzi amaleka kuwazika bwino, ndipo sulufule amangodutsa ulendo wa kuchumuni.